Mutu 9: Mlandu wa Papepala

Aliyense amene anakhalapo pansi pa mkuyu tsiku lozenga milandu, kaya m'midzi ya ku Chiparamba kaya kwina kulikonse m'dziko lozungulira Chipata, adziwa kuti munthu wodandaula sayamba nkhani yake chiyambeyambe monga achitira anyamata pocheza pamphambano, koma ayamba wakhala pansi, naomba m'manja, natchula poyera chimene chamdzetsa pabwalo: kuti ng'ombe za mnansi wake zinalowa m'munda mwake usiku, nizidya chimanga chimene chinali chitamasula kale ngayaye. Akatha iye, nduna imfunsa ngati alipo amene anaziona ng'ombezo ndi maso, kapena amene analondola mapazi ake kufikira pakhola, ndipo mboni ziimirira imodzi imodzi. Pamenepo mwini ng'ombe apatsidwa danga, ndipo ngakhale bwalo lonse likhale litamtsutsa kale mumtima, palibe womdula mawu kufikira atatsiriza, pakuti makolo athu anaona kuti mlandu womvera mbali imodzi ubala udani woposa umene unalipo poyamba. Potsiriza akuluakulu apeta mawu onse monga mayi apeta mphale m'lichero, nataya gaga, ndipo amfumu agamula, natchula cholipa, kaya mbuzi kaya matumba a chimanga.

Ndayamba ndi bwalo chifukwa chinthu chimene kusukulu achitcha chimangirizo cha mtsutso, chimene ana a Giredi 12 amachiopa ngati chilombo akamayandikira mayeso a bungwe la Examinations Council of Zambia, lija linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1983, ndicho mlandu womwewu, koma wozengedwa ndi munthu mmodzi papepala. Wolembayo ndiye wodandaula, ndiye woitana mboni, ndiyenso wolankhulira mnzake wotsutsana naye, ndipo pomaliza ndiye mfumu yogamula. Ngakhale Agiriki akale, amene Azungu amati anatengako luso limeneli, analipeza pabwalo: Aristotle, amene anaphunzitsa ku Athens zaka zoposa 300 Khristu asanabadwe, analemba za luso lokopa anthu ndi mawu poyang'ana zimene zinkachitika m'mabwalo a milandu ndi m'misonkhano ya mzinda wawo. Tsono n'chachisoni kuti mwana wobadwira pakati pa Achewa ndi Angoni, anthu odziwa kutula nkhani chotere, amauzidwa kapena amadziuza yekha kuti kulemba mtsutso ndi nzeru yachilendo yobwera ndi Chingerezi.

Ndipotu anthu a chinenero chathu sanachedwe kugwiritsa ntchito cholembera pa milandu ya dziko. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed atamanga ku Magwero mu 1899, pafupi ndi boma la Chipata limene nthawi imeneyo linkatchedwa Fort Jameson, cholinga chawo chinali chakuti anthu aziwerenga Mawu a Mulungu, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Koma dzanja lophunzira kulemba vesi silikanika kulemba dandaulo. Mu Novembala 1914 mbusa John Chilembwe wa ku Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chimene Aafirika osauka ayenera kukafera nkhondo ya Azungu imene sadzapindula nayo kanthu, ndipo boma linaiopa kalatayo kotero kuti linaletsa kuifalitsa. Mu 1949 Hastings Kamuzu Banda ndi Harry Mwaanga Nkumbula, ali ku London, analemba chikalata chotsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, natchula zifukwa zawo chimodzi chimodzi. Chitaganyacho chinakhazikitsidwabe mu 1953, koma zifukwa zija sizinafe, ndipo pofika kumapeto kwa 1963 chinali chitagwa. Anthu wamba nawonso analemba, poyamba mu Mutende, nyuzipepala imene boma la atsamunda linayambitsa mu 1936 ndipo inali ndi masamba a Chinyanja, pambuyo pake mu nyuzipepala ya Tsopano. Ndipo m'masiku athu ano alembera wailesi ya Breeze FM ya ku Chipata, kumene mkulu wodziwika ndi dzina lakuti Gogo Breeze anatchuka chifukwa chowerenga makalata a madandaulo ndi kufunafuna mbali zonse za nkhani, kufikira katswiri Harri Englund analemba buku lonse lonena za iye mu 2018. Ambiri mwa olemba makalata amenewa sanafike kutali ndi sukulu, koma anadziwa chimene chikuwapweteka, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nanga n'chiyani chimene chimamanga dzanja la mwana wa sukulu, iye amene waphunzira zaka khumi ndi ziwiri? Choyamba ndi chinenero. Kuyambira 1966 Zambia inasankha Chingerezi kukhala chophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo ngakhale mu 2014 zinenero za m'dziko zinabwezeredwa m'makalasi anayi oyamba, mwana wa kumudzi amafikabe kusekondale ali ndi mitu iwiri: wina woganizira zinthu zenizeni m'Chinyanja, wina wosungiramo ziganizo za Chingerezi zodikira tsiku la mayeso. Akapatsidwa mutu woti alembe, satsegula mutu woyamba uja, mmene muli zonse zimene waona ndi kumva, koma athamangira wachiwiri, natulutsamo mawu akuluakulu amene iye mwini sadziwa kulemera kwake. Chachiwiri ndi kuloweza. Ndawerengapo zimangirizo makumi angapo za ana osiyanasiyana zimene zinayamba ndi chiganizo chimodzimodzi, nizitha ndi chiganizo chimodzimodzi, chifukwa onse anachikopera m'kabuku kamodzi ka mayankho kogulitsidwa pamsika. Ndipo sindibisa kuti zinandiwawa mtima, pakuti pakati pa ana amenewo panali ochenjera amene ndikanakonda kumva maganizo awo, koma papepalapo panalibe mwana ngakhale mmodzi.

Tsiku lina ndinakhala kumbuyo kwa kalasi pa sukulu ina ya sekondale ya m'dera lomweli, m'nyengo yokumba nsawawa, pamene mphunzitsi wina wachizimayi analemba pabolodi funso lakuti kodi n'koyenera kulanga makolo amene akwatitsa mwana wamng'ono. Ana anaweramira m'makope awo nthawi yomweyo, koma iye anawaletsa, nati atseke makope, akankhire mabenchi kukhoma, akhale mozungulira ngati pabwalo. Anasankha mtsikana mmodzi kukhala wodandaula, ndi mnyamata wina wamtali, wamanyazi, kukhala tate wokwatitsa mwana, ndipo analamula kuti zonse zilankhulidwe m'Chinyanja. Mtsikana uja anayamba ndi mawu oloweza, kuti ukwati wa ana ndi woipa chifukwa ubweza chitukuko m'mbuyo. Mphunzitsi anamfunsa mofatsa kuti, "Chitukuko cha yani, mwanawe? Unachiona kuti chikubwerera m'mbuyo?" Mtsikanayo anakhala chete kanthawi, akupotokola nsonga ya malaya ake, kenaka anati, "Aphunzitsi, ine ndinaona mnzanga amene tinali kukhala naye benchi limodzi ku Giredi 7. Tsopano ali ndi mwana kumbuyo ndi wina m'mimba, ndipo tikakumana kuchigayo amayang'ana kumbali." M'kalasi monse munangoti zii, ndipo mphunzitsi anati, "Imeneyo ndiyo mboni yako yoyamba. Usatchule dzina lake, koma ulembe zimene waona."

Koma chimene sindidzaiwala ndi yankho la mnyamata uja, amene poyamba anakana udindowo, nati iye sangalankhulire chinthu choipa. Ataumirizidwa anaimirira, natsitsa mawu monga achitira akuluakulu, nati: mvula inadula, nkhokwe ili mbee, ana m'nyumba alimo asanu ndi awiri, feteleza sanabwere, ndipo munthu wadza ndi ng'ombe ziwiri, kulonjeza kuti mwanayo azidya tsiku ndi tsiku, kodi inu amene mukundiweruza mundipatsa chiyani choti ndiike m'mbale usiku uno? Anawo anasokonezeka, pakuti mdani amene anamkonzera mikondo anali chitsiru chankhanza, koma amene anaima pamaso pawo anali munthu wanjala wofanana ndi atate awo. Kuyambira pamenepo mtsutso unasanduka weniweni. Wina anati ng'ombe ziwiri zitha m'chaka chimodzi koma umphawi wa mtsikanayo ukhala moyo wake wonse. Wina anati thupi la mwana silinakhwime kuti libereke, ndipo ngozi yake anamwino aidziwa. Wina anafunsa ngati kumanga tateyo kundende sikudzawonjezera njala ya ana asanu ndi mmodzi otsalawo. Belu linalira iwo asanagwirizane, ndipo mphunzitsi anati aliyense akalembe chigamulo chake kunyumba.

Apa pali phunziro limene aphunzitsi ambiri amalidumpha, ndilo kupatsa mbali inayo mphamvu zake zonse. Mwana amaganiza kuti akatchula maganizo a wotsutsana naye ndiye kuti wafooketsa ake, motero amawabisa, kapena amawajambula opusa kuti awagwetse mosavuta. Koma wowerenga wanzeru, amene adziwa kale zifukwa za mbali inayo, akaona kuti zabisidwa amataya chikhulupiriro mwa wolembayo. Mneneri Natani, popita kukadzudzula mfumu Davide, sanayambe ndi chitonzo, koma anamfotokozera mlandu wa munthu wolemera ndi kamwana ka nkhosa ka mmphawi, namlola kuti agamule yekha; anadziwa mtima wa munthu amene anali kulankhula naye. Komabe kumva mbali zonse sikutanthauza kukhala pakati mpaka kalekale. Zilipo zimangirizo zambiri zimene zimayala ubwino kuno ndi kuipa uko, kenaka n'kutha osanena kanthu, ngati mfumu imene yamva mlandu tsiku lonse n'kunyamuka kupita kukadya nsima. Mapanga awiri avumbwitsa. Wolemba ayenera kugamula, ndi kunena chifukwa chake mbali imene wasankha yalemera kuposa inzake.

Za mboni tiyenera kunenapo zambiri, pakuti pamenepa ndi pamene kulemba kwa kusukulu kumaposa kucheza kwa pamoto. Mboni yoyamba ndi maso a wolemba, monga mtsikana uja. Koma maso a munthu mmodzi aona mudzi umodzi wokha, ndipo wotsutsa angathe kunena kuti zimenezo zinangochitikira mnzakoyo. Chifukwa chake mwana aphunzire kuitana mboni zolembedwa. Adziwe kuti kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2018 anapeza kuti mwa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 kufikira 19 m'Zambia, 29 anali ndi pathupi kapena anali atabereka kale. Adziwe kuti kuyambira 1997 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, ndiponso kuti mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kotero kuti ukwati uliwonse wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wa mwambo, ndi wosavomerezeka. Adziwe kuti mafumu ena, monga Inkosi Madzimawe wa kuno kwathu ndi Inkosi Kachindamoto wa ku Dedza m'Malawi, anaimirira poyera kuthetsa maukwati otere, kotero kuti palibe anganene kuti nkhondo imeneyi ndi ya alendo okha. Mboni zotere zili ndi dzina, chaka ndi malo, ndipo munthu wokayika angathe kukazifunsa. Koma ilipo mboni yachitatu imene iyenera kupirikitsidwa pabwalo, ndiyo "anthu amanena" ndi "ndinamva kuti", ndi mbale wake wa masiku ano, uthenga wa pa WhatsApp wopanda mwini. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Kutchula kumene watenga mfundo ndi nkhani ya ulemu ndi chilungamo, ndipo mwana akaizolowera ali kusekondale sadzavutika akadzafika ku Chipata College of Education kapena ku University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, kumene kukopera mawu a wina osamtchula kumayesedwa kuba ndipo kumalangidwa. Lero foni ya m'manja yachititsa kuba kumeneku kukhala kosavuta, pakuti ndi chala chimodzi munthu atenga ndime yathunthu pa intaneti naiika pansi pa dzina lake. Koma pabwalo palibe munthu amene amaimirira n'kunena umboni wa mnzake ngati wake. Amati, uje ndiye anaona, mfunseni. Mwana amene wamvetsa zimenezi wamvetsa kale chiyambi cha malamulo onse a kalembedwe ka m'makoleji, ndipo zotsalazo, za poika chaka ndi poika dzina la buku, adzaziphunzira m'sabata imodzi.

Liwu lakuti chimangirizo lili ndi nzeru mkati mwake, pakuti lichokera ku kumanga. Womanga nyumba ayamba wazika nsichi, ndipo nsichi iliyonse iima payokha m'dzenje lake. Momwemonso ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi, yotchulidwa m'chiganizo choyamba, yotsatidwa ndi umboni wake, ndi mawu osonyeza mmene umboniwo ukhudzira mlandu wonse. Koma nsichi zopanda mbariro ndi luzi sizikhala nyumba, ndipo luzi la chimangirizo ndi timawu tating'ono tija timene ana amatinyoza: pakuti, chifukwa chake, komabe, ngakhale, kotero kuti, kupatula apo. Timawu timeneti tili ndi ntchito yolemera, chifukwa mwana akalemba "chifukwa chake" walonjeza kuti chotsatiracho chabadwa kuchokera m'chapitacho, ndipo mphunzitsi ali ndi ufulu womfunsa ngati chabadwadi. Ndaona kuti mwana amene wadziwa kugwiritsa bwino ntchito "komabe" m'Chinyanja savutika kupeza mnzake wa liwulo m'Chingerezi. Amene amavutika ndi uja amene sanaganizepo "komabe" m'chinenero chilichonse. Za chiyambi, thunthu ndi mathero mabuku a sukulu anena kale zokwanira, ndipo sindiwonjezerapo.

Pali chinthu chimodzi chimene bwalo la papepala lisiyana nalo bwalo la pansi pa mkuyu, ndipo sindifuna kuchibisa, pakuti ndikatero ndidzakhala ndaswa lamulo limene ndaphunzitsa pamwambapa. Pabwalo la kumudzi mwana salankhula. Amaleredwa kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera, kuti kuyankha wamkulu ndi mwano, ndipo mtsikana amauzidwa zimenezi kawiri kuposa mnyamata. Tsono mphunzitsi akamuuza kuti alembe maganizo ake pa nkhani ya malowolo, kapena ya kulowa chokolo, kapena ya anyamata osiya sukulu chifukwa choweta ng'ombe, akumpempha chinthu chimene kunyumba chimaletsedwa. Ndipo makolo ena, poona mwana wayamba kufunsa zifukwa, amati sukulu yamuwononga. Mantha awo sindiwanyoza, chifukwa alipo ophunzira amene amabwera kumudzi ndi mwano weniweni, nayesa agogo awo mbuli. Koma mwano ndi mtsutso ndi zinthu ziwiri. Chinenero chathu chili ndi njira zambiri zotsutsira munthu ukumlemekeza, monga ichitira nkhoswa pokana mawu a nkhoswa inzake, kuyamba yavomereza chimene chili choona m'mawuwo, ndi kupempha kuti ionjezepo pang'ono. Ndipo mwana wophunzira kulemba chotero sataya mwambo, koma alowa msanga m'mwambo wa akuluakulu. Papepala zaka za wolemba sizioneka, ndipo chimene chiyesedwa ndi kulemera kwa zifukwa zake.

Mitu yolembapo isachokere kutali. Mwana wa ku Chiparamba adziwa za feteleza wotsika mtengo, amene boma linayamba kugawa kwa alimi ang'onoang'ono mu 2002, pakuti wamva atate ake akudandaula za nthawi imene amafika ndi za amene amalembedwa m'kaundula. Adziwa za chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu Febuluwale 2024, pakuti mwanayo anaona chimanga chikuuma chisanabereke. Adziwa za makala amene amatsika panjinga kupita ku Chipata m'mamawa, ndi mapiri amene akutsala ambee, ndi sopo ndi mchere zimene makalawo amagula. Pa nkhani zotere ali nazo mboni, ali nawo mtima, ndipo mbali zonse ziwiri zili m'nyumba mwake momwe.

Ndidziwa chimene aphunzitsi adzandiyankha, ndipo ali ndi chifukwa. Chiyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022 makalasi adzaza kotero kuti ana ena amakhala pansi, ndipo ngakhale boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 m'chaka chomwecho, munthu mmodzi sangathe kuchonga zimangirizo zazitali za ana onsewo sabata ndi sabata, iye ali ndi banja ndi munda wake. Koma sikofunika kuti chilichonse cholembedwa chikhale chachitali. Ndime imodzi pa sabata, ya mfundo imodzi ndi mboni imodzi, yowerengedwa mokweza kwa mnzake wa pabenchi amene ntchito yake ndi kufunsa kuti "wadziwa bwanji?", kenaka yolembedwanso kachiwiri, iphunzitsa zambiri kuposa masamba anayi olembedwa kamodzi pa temu n'kubwezedwa ndi malikisi okha. Mphunzitsi uja anachita chomwecho, ndipo patapita masabata atatu anandionetsa pepala la mnyamata wamanyazi uja. Anagamula kuti tate wokwatitsa mwana ayenera kuyankha mlandu, koma anawonjeza ndime yonse yofunsa kuti mudzi ndi boma zinali kuti pamene nkhokwe ya munthuyo inatha; Chingerezi chake chinali chopunduka m'malo angapo, koma mlandu wake unali woongoka, ndipo zolakwa za galamala zinakonzedwa m'mphindi khumi.

Chifukwa chake ndikupemphani inu aphunzitsi a Chinyanja ndi a Chingerezi, amene kawirikawiri mumagwira ntchito ngati anthu a midzi iwiri, kuti mugwirizane pa mutu umodzi, ana auzenge pakamwa m'chinenero chawo asanaulembe m'chinenero cha mayeso. Ndipo inu makolo, tsiku limene amfumu aitana bwalo Loweruka, mtengeni mwana wanu wa sekondale, akhale kumbuyo chete ndi kope lake, alembe chimene wodandaula wanena, mboni zimene zaitanidwa, yankho la woimbidwa mlandu ndi chigamulo. Madzulo mumfunse ngati iye akanagamula chimodzimodzi, ndipo akayamba kuyankha musamdule mawu.